E-reader kapena buku la pepala: momwe ntchito yosankha ikuyendera

Pomwe tayambira

Ntchito yomwe tili nayo ndi yosankha mabuku omwe apite pa ma e-reader ndi omwe akhalebe a pepala m'nkhokwe ya mabuku obwereketsa. Funso loti chabwino n'chiti pakati pa ziwirizi tinalisiya msanga, chifukwa siliyankhika musanadziwe kuti buku lake ndi liti, fayilo yake ndi yotani, ndipo munthu adzaliwerenga motani. Choncho mabuku tawagawa panayi. Pali ankhani zazitali, owerenga kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pali ophunzirira, odzaza matebulo, mapu ndi zithunzi. Pali ongofufuziramo mwa apo ndi apo, monga a malamulo ndi a malangizo okonzera makina. Ndiye pali a ana aang'ono. Gulu lililonse likuyesedwa palokha.

Tikati e-reader tikunena zipangizo zowerengera mabuku za sikirini ya E Ink, monga Kindle, Kobo, PocketBook ndi Boox. Foni ndi tabuleti sitikuziwerengera ngakhale nazonso zimatsegula mabuku, chifukwa sikirini zake zimatulutsa zokha kuwala ndipo zimagwira ntchito mosiyana kotheratu.

Sikirini: kuyesa kwatha

Mkati mwa sikirini ya E Ink muli timakapisozi mamiliyoni, kalikonse kochepa ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. M'kati mwake muli timadzi, ndipo m'timadzimo mumayandama tinthu toyera ndi takuda tokhala ndi mphamvu ya magetsi yotsutsana. Magetsi akadutsa pansi, toyera timakwera takuda n'kutsika, kapena mosinthanitsa. Tinthuto tikakhazikika sitifunanso magetsi, n'chifukwa chake tsamba limaonekabe ngakhale batire litatheratu. Lusoli linayambira ku MIT Media Lab, malo a kafukufuku a ku America, m'zaka za m'ma 1990, kampani ya E Ink inakhazikitsidwa mu 1997, Sony inatulutsa e-reader yotchedwa Librie ku Japan mu 2004, ndipo Kindle yoyamba, ya kampani ya Amazon, inabwera mu Novembala 2007.

Nambala yoti muziyang'ana pa bokosi ndi ya madontho pa inchi imodzi, yomwe amailemba kuti ppi. Zipangizo zakale za mainchi 6 zinali ndi madontho 600 m'lifupi ndi 800 m'litali, kutanthauza 167 ppi. Pamenepo zilembo zikuluzikulu zimaoneka bwino, koma zopendekera ndi timawu ta m'munsi mwa tsamba timatuluka tamanomano. Pa 212 ppi zimakhalako bwino. Pa 300 ppi, pomwe madontho ndi 1072 ndi 1448 pa mainchi 6 omwewo, diso silionanso madontho mukagwira chipangizo monga mumagwirira buku. Tagwirizana kuti chosakwana 300 tisachitenge, pokhapokha ngati wowerenga wake azigwiritsa ntchito zilembo zazikulu zokhazokha.

Kuyera kwa pepala musakuyembekeze. Nyali ikazima sikirini imakhala yotuwa, ndipo pakati pa kuda ndi kuyera imatha kuonetsa mitundu 16 yokha. Pa zilembo si vuto. Pa zithunzi zamdima wambiri zonse zimangosakanikirana, ndipo mapu osiyanitsa madera ndi mitundu yoyandikana sawerengeka.

Vuto lina ndi zipsera. Mukatembenuza tsamba, chipangizo chimasuntha tinthu ta m'malo okhawo omwe asintha, tina n'kutsalira panjira, moti mthunzi wa mawu a tsamba lapitalo umaonekabe pansi pa atsopano. Mankhwala ake ndi kuphethira kwathunthu, pomwe sikirini yonse imada kaye kenako n'kuyera. Pa zipangizo zambiri mumasankha nokha pa Settings kuti kuphethirako kuzichitika kangati. Mabuku a mawu okhaokha, kamodzi pa mutu uliwonse n'kokwanira. Azithunzi, ikani pa tsamba lililonse. Batire litha msangako koma zithunzi zizioneka bwino.

Nyali yake ili kutsogolo. Timababu ta LED tili m'mphepete, ndipo kachigawo kopyapyala kapamwamba kamafalitsa kuwalako n'kukugwetsera pa zilembo. Pa Kindle izi zinayamba ndi Paperwhite mu 2012. M'malangizo a obwereka talembamo kuti akweze nyali mpaka tsamba lifanane ndi kuwala kwa m'chipinda, osapitirira apo, ndipo padzuwa aizimitse, poti E Ink imaoneka bwino kwambiri pamene kwawala. Chipangizo chatsopano chikafika, tsegulani tsamba lopanda kanthu mumdima, nyali ili pakatikati. Mukaona timadontho towala kwambiri, kapena mbali ina yofiirira ina yobiriwira, chibwezeni chikadali pa waranti. Zimenezo sizitha zokha.

Pa sikirini zamitundu, zomwe zinachuluka mu 2024 Kobo ndi Amazon atatulutsa zawo, sitinachedwepo. Kaleido 3, imodzi mwa sikirini zamitunduzi, ndi sikirini yakuda ndi yoyera yomwe ija, koma pamwamba anaikapo kachigawo kosefa mitundu. Imapereka mitundu 4096, koma mitunduyo imatuluka pa 150 ppi pomwe zilembo zakuda zili pa 300, ndipo kachigawoko kamadetsa tsamba moti nyali imafunika ngakhale masana m'nyumba. Kusiyanitsa mizere ya girafu imakwanitsa. Buku la zojambula kapena lodziwira mitundu ya mbalame likhale la pepala basi.

Batire: kwatha, malangizo alembedwa

Makampani amalemba kuti batire limakhala masabata 6, 10 kapena 12. Werengani timawu ta m'munsi: masabatawo amawerengedwa poganiza kuti munthu akuwerenga mphindi 30 zokha patsiku, Wi-Fi ili yozimitsa, nyali ili yotsika. Masabata 6 ndi masiku 42, omwe ndi maola 21 owerenga. Masabata 10 ndi maola 35. Wowerenga maola atatu patsiku azitchaja pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, zomwe n'zabwinobe kutalitali poyerekeza ndi tabuleti.

Batire likamatha m'masiku awiri, kawirikawiri silinafe. Yambani ndi Wi-Fi: ikakhala yoyatsa pamalo pomwe netiweki ndi yofooka, chipangizo chimangofunafuna usana ndi usiku. Chachiwiri, chomwe ambiri sachidziwa, n'chakuti mukangoika mabuku atsopano chipangizo chimawawerenga mwakachetechete n'kupanga mndandanda wa mawu onse kuti kufufuza kuzifulumira. Mukathira mabuku mazanamazana nthawi imodzi, ntchitoyo imatenga maola, ndipo fayilo imodzi yowonongeka imatha kuikanirira osatha. Pa Kindle mungadziwe polemba mawu opanda tanthauzo m'malo ofufuzira. Chimakuonetsani mabuku omwe sanathe kulowa m'ndandanda. Buku lomwe lakanirira lichotseni, mulikonzenso pa kompyuta. Ife tsopano tikuika mabuku pang'onopang'ono, chipangizo chili pa chaja.

Mabatire ake ndi a lithium, ndipo sagwirizana ndi zinthu ziwiri: kutentha, ndi kukhala otheratu kwa nthawi yaitali. Amazon imalemba kuti Kindle igwiritsidwe ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Chipangizo chomwe chikukasungidwa chikhale ndi moto pafupifupi theka, chizimitsidwe kotheratu, ndipo muzichitchaja pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Chikakana kuyaka, chisiyeni pa chaja ya pakhoma kwa ola limodzi kapena kuposa, kenako dinani batani loyatsira osalisiya. Pa Kindle ndi masekondi 40. Mukaona kumbuyo kwatupa kapena sikirini ikutukuka m'mphepete, lekani kutchaja pomwepo ndipo musaboole. Kusintha batire kumatheka, koma zambiri zinamatidwa ndi guluu, ndipo mukatsegula chosalowa madzi sichikhalanso chosalowa madzi.

Mafayilo: ntchito ikupitirira, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani

EPUB, mtundu wa fayilo ya buku, ndi thumba la zip lokhala ndi masamba a XHTML (ofanana ndi a pa intaneti), malamulo a kaonekedwe ndi zithunzi. Mawu ake sanamangidwe pa tsamba, choncho mukakulitsa zilembo mizere imadzikonzanso yokha. Buku lankhani lopanda zithunzi kawirikawiri silipitirira 2 MB, moti 8 GB imanyamula mabuku masauzande. Kufuna 32 GB n'kwa omwe ali ndi mabuku omvetsera kapena azithunzi zokhazokha. Kobo, PocketBook ndi Boox zimatsegula EPUB mwachindunji. Kindle ili ndi mitundu yakeyake, AZW3 ndi KFX. EPUB yongoikamo kudzera pa chingwe siioneka, koma kuyambira 2022 njira ya Send to Kindle imailandira n'kuisintha.

Gulu loyamba lija, lankhani zazitali, ladutsa mosavuta pomwe EPUB yake ilipo.

PDF ndi nkhani ina. Tsamba lake ndi louma, silisintha. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 ndi 297, pomwe sikirini ya mainchi 6 ndi pafupifupi 91 ndi 122. Kuti tsamba lonse likwane, limachepa kupitirira theka, ndipo chilembo cha 12 point chimasanduka cha 5. Pali njira zitatu zochepetsera vutoli, ndipo taziyesa motsatana. Yoyamba ndi kudula m'mphepete mopanda mawu: tsamba la A4 lokhala ndi mamilimita 25 opanda kanthu mbali iliyonse limatsala ndi mawu a mamilimita 160 m'lifupi. Yachiwiri ndi kugoneka chipangizo cham'mbali, kuti mamilimita 160 aja akwane pa 122. Pamenepo chilembo chimafika pa 9 point, chowerengeka, koma tsamba limodzi mumaliona m'zigawo zitatu. Yachitatu ndi kugwiritsa ntchito pulogalamu monga KOReader kapena k2pdfopt, yomwe imaduladula mizere n'kuisanjanso. Imayenda bwino pa mawu a danga limodzi, koma ikakumana ndi tebulo kapena masamu imasokoneza zonse, manambala n'kuchoka pansi pa mitu yake. Tebulo losokonekera ndi loopsa kuposa losaoneka, poti wowerenga sadziwa kuti lasokonekera.

Njira yeniyeni ndi sikirini yaikulu. Ya mainchi 10.3 ndi pafupifupi mamilimita 157 ndi 210, kufupi ndi A5, ndipo kuti muyandikire A4 pamafunika ya 13.3. Koma zimenezi zimalemera magalamu pafupifupi 400 kapena kuposa, pomwe zazing'ono zili pakati pa 150 ndi 250, ndipo sizilowa m'thumba. Ubwino wopepuka uja watha pamenepo.

PDF yojambula pa sikana ndi yovuta kuposa apa, chifukwa ndi zithunzi chabe. Simungafufuzemo mawu, mtanthauziramawu sagwira, ndipo tsamba lililonse limachedwa kutseguka. Pa mabuku omwe tili ndi ufulu wowakopa tikujambula pa 300 dpi (madontho pa inchi imodzi), zakuda ndi zoyera ngati ndi mawu okhaokha, kenako n'kudutsitsa mu pulogalamu yozindikira zilembo monga Tesseract. Zolakwa zake n'zodziwika: "rn" imasanduka "m", "l" imasanduka "1", ndipo mawu odulidwa kumapeto kwa mzere amatsala odulidwa. Popanda munthu wowerenga tsamba ndi tsamba, buku loterolo silinakonzeke, ndipo ntchito imeneyi ndi yomwe anthu amaiiwala powerengera nthawi.

Posintha mafayilo tikugwiritsa ntchito Calibre, pulogalamu yaulere yomwe Kovid Goyal anaiyamba mu 2006. Dongosolo lomwe lakhazikika ndi ili. Lowetsani buku, konzani dzina lake, wolemba ndi chilankhulo musanasinthe chilichonse. Sinthani fayilo. Tsegulani zam'katimu n'kudina mitu ingapo kuona ngati ikufikitsa pamalo oyenera. Dutsitsani mu EPUBCheck, pulogalamu yofufuza zolakwika mu EPUB, kenako muike pa chipangizo chenicheni, osangokhulupirira momwe likuonekera pa kompyuta. Kusintha PDF kukhala EPUB tasiya: nambala za masamba ndi mitu ya pamwamba zimalowa pakati pa ziganizo, ndipo mzere uliwonse umasanduka ndime. Ngati fayilo ya DOCX (ya Word) yomwe bukulo linachokera ilipo, pemphani imeneyo. Mitu yake ikakhala kuti inaikidwa ndi masitayilo a Heading, osati kungokulitsa zilembo, Calibre imapanga yokha zam'katimu.

Chilankhulo chija musachidumphe. Buku likalembetsedwa kuti ndi la Chingerezi pomwe si la Chingerezi, chipangizo chimadula mawu kumapeto kwa mzere potsata malamulo a Chingerezi, ndipo amaduka malo olakwika. Ikani chizindikiro choyenera, monga ny pa Chichewa, kapena zimitsani kudula mawu. Yesaninso zilembo zokhala ndi tizizindikiro pamwamba, monga ŵ. Ngati mtundu wa zilembo womwe mwasankha ulibe chilembocho, pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha maonekedwe ena. Sankhani mtundu wina, kapena uikeni m'kati mwa fayilo momwemo.

Kompyuta ikapanda kuona chipangizo, sinthani kaye chingwe musanakaikire china chilichonse. Zingwe zina za USB zili ndi mawaya a moto okha, opanda a deta. Ma Kindle atsopano amalumikizidwa m'njira ya MTP, choncho saonekanso ngati fulashi, ndipo pa Mac pamafunika pulogalamu yowonjezera.

Magulu awiri, ophunzirira ndi ofufuziramo, apunthwa pa zinthu zomwe si za fayilo yokha. Nambala ya tsamba imasintha mukasintha kukula kwa zilembo, moti anthu khumi owerengera limodzi sangauzane kuti "tsamba 84", pokhapokha wosindikiza ataikamo mndandanda wa masamba a buku la pepala. Kuyerekeza tebulo la pa mutu wachiwiri ndi mawu a pa mutu wachisanu ndi chiwiri, pa pepala mumangoika chala apa china apo; pa E Ink mumadina, kudikira, kudinanso. Pomwe e-reader imapambana ndi pofufuza: ngati mukukumbukira mawu ake, imawapeza m'masekondi. Ngati mukungokumbukira kuti zinali chakumanzere m'munsi, chapakati pa buku, pepala ndi lomwe lingakuthandizeni.

Umwini wa mabuku: apa taima, tikuwerenga mapangano

Buku la pepala mukagula ndi lanu: mutha kubwereketsa, kugulitsa, kupatsa wina. Pa masitolo ambiri a mabuku a pa intaneti chomwe mumagula ndi chilolezo chowerenga, ndipo fayilo imakhala yokhomedwa ndi loko wotchedwa DRM. Wa Amazon amagwira pa zipangizo ndi mapulogalamu a Kindle okha. Wa Adobe amayamba ndi kafayilo ka .acsm, komwe si buku ayi, ndi chiphaso chabe. Mumakatsegula mu Adobe Digital Editions ndipo m'pamene buku lenileni limabwera, ndipo akaunti imodzi imaloledwa zipangizo zisanu ndi chimodzi. Palinso Readium LCP, womwe umatsegulidwa ndi mawu achinsinsi.

Kuti chilolezo chimatha kulandidwa si nkhambakamwa. Mu Julayi 2009 Amazon inafufuta pa ma Kindle a anthu mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, itaona kuti yemwe anawaika pamsika analibe ufulu wowagulitsa, ndipo inabweza ndalama. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yake ya mabuku, mabuku omwe anthu anagula n'kusiya kutseguka. Nayonso inabweza ndalama, koma mabuku anapita. Pa 26 Febuluwale 2025 Amazon inachotsa njira yomwe anthu ankadawunilodera mabuku ogula pa kompyuta n'kuwaika pa Kindle ndi chingwe. Ku Ulaya, khoti lalikulu la European Union linagamula mu Disembala 2019, pa mlandu wa Tom Kabinet, kampani yomwe inkagulitsanso mabuku a pa intaneti, kuti kugulitsanso buku la pa intaneti kumafuna chilolezo cha mwini ufulu.

Kwa obwereketsa nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa munthu payekha. Mapangano a akaunti wamba amati mabukuwo ndi owerenga mwini wake, choncho kudzaza zipangizo ndi mabuku a akaunti imodzi n'kumazibwereketsa si chinthu choyamba musanawerenge bwino. Zilolezo za malaibulale zilipo padera, ndipo zambiri zimatha: kampani yosindikiza ya HarperCollins mu 2011 inaika lamulo loti buku likabwerekedwa maulendo 26 ligulidwenso, ndipo osindikiza ena amaika malire a zaka. Buku la pepala losokedwa bwino limapitirira maulendo amenewo.

Pakadali pano tikuika pa zipangizo mabuku opanda loko okha: omwe ufulu wake unatha, monga a ku Project Gutenberg, nkhokwe ya mabuku aulere pa intaneti yomwe Michael Hart anaiyamba mu 1971 ndipo ili ndi mabuku oposa 70,000, otuluka ndi zilolezo zotseguka, ndi ogulidwa kwa osindikiza omwe sakhoma. Fayilo iliyonse ikusungidwa malo awiri osiyana kupatula pa chipangizo. Chenjezo limodzi: zaka zomwe ufulu wa wolemba umatha zimasiyana dziko ndi dziko, choncho buku lomasuka kwina likhoza kukhala lotetezedwabe kwanu.

Kodi munthu amamvetsa mofanana?

Pano sitikuyesa tokha, tikudalira kafukufuku yemwe anachitika kale. Mu 2018 Pablo Delgado wa ku yunivesite ya Valencia ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 54 wokhudza anthu oposa 170,000. Anapeza kuti pepala limaposa sikirini pang'ono pa kumvetsa. Kusiyanako kunkaoneka pa nkhani zophunzitsa, kunkakula pamene owerenga anapatsidwa nthawi yochepa, ndipo pa nkhani zosimba zokhazokha sikunaoneke. Koma zambiri mwa sikirinizo zinali za kompyuta, choncho si bwino kungozisenzetsa e-reader zonse.

Woyandikira kwambiri funso lathu ndi wa Anne Mangen wa ku yunivesite ya Stavanger ndi anzake, wotuluka mu 2019. Anthu 50 anawerenga nkhani ya masamba 28, ena pa Kindle ena m'buku. Pa mafunso ambiri anafanana. Anasiyana pa kukumbukira pomwe chinthu chinachitikira m'nkhanimo ndi kusanja zochitika motsatana, pomwe a pepala anachita bwinoko. Ofufuzawo anaganiza kuti manja amathandizapo, poti amamva masamba akuchuluka kumanzere n'kumachepa kumanja. Zikugwirizana ndi zomwe taona pa mafayilo, ndipo n'chifukwa china chosiyira mabuku okonzekera mayeso pa pepala.

Za tulo, kafukufuku yemwe amatchulidwa kawirikawiri ndi wa Anne-Marie Chang ndi anzake wa mu 2015: anthu 12 omwe ankawerenga pa sikirini maola anayi asanagone ankachedwa kugona ndi mphindi pafupifupi khumi. Chipangizo chake chinali iPad yowalitsidwa mpaka kumapeto, osati E Ink.

Pali anthu omwe kwa iwo mkangano wonsewu kulibe. Wosaona bwino amakulitsa zilembo za buku lililonse, pomwe mabuku a pepala a zilembo zazikulu amatuluka ochepa. Wa manja ofooka amagwira magalamu 200 m'malo mwa chibuku cha masamba 900. Zipangizo zoyamba zipita kwa amenewa.

Kulimba

Chomwe chimapha ma e-reader ambiri ndi galasi. Pansi pa sikirini pali galasi lopyapyala kwambiri lonyamula timawaya toyendetsa madontho. Chipangizo chikapindika m'chikwama chothina, kapena wina akachikhalira, galasilo limasweka m'kati kunja kusakuoneka mng'alu uliwonse. Mumangoona mizere yoima ndi yopingasa, mbali ina ya tsamba itauma osasinthanso. Kuzimitsa n'kuyatsanso sikuthandiza. Pamafunika sikirini yonse yatsopano. Choncho palibe chipangizo chituluke popanda chikuto cholimba chophimba kutsogolo.

Zolembedwa IPX8 zimapirira madzi, ndipo pa Kindle ndi Kobo malire ake ndi mamita awiri kwa mphindi 60, m'madzi opanda mchere. Zikagwera m'madzi a mchere kapena a sopo, zitsukuluzeni ndi madzi abwino, ndipo polowera chaja paume kaye musanatchaje. Madontho a madzi pa sikirini amatembenuza masamba okha, musadabwe.

Pepala nalo lili ndi adani ake. Lotchipa, lokhala ndi asidi ndi lignin (chinthu chochokera mu mtengo), limachita chikasu n'kumathethekera. Losindikizidwa potsata muyezo wa ISO 9706 limakhalitsa. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa nthawi yaitali, nkhungu imayamba, ndipo chiswe ndi tizilombo tina timakonda mashelefu ogunda khoma kapena pansi. Mabuku omata ndi guluu pamsana amathothoka masamba akamatsegulidwa mwamphamvu, osokedwa ndi ulusi amapirira. Koma kuwonongeka kwa pepala kumabwera pang'onopang'ono, buku limodzilimodzi, ndipo tsamba long'ambika limamatika. Galasi likasweka mabuku onse a m'chipangizomo amasowa tsiku lomwelo, mpaka mutapeza china choikamo mafayilo osungidwa aja.

Kuwerengera ndi kubwereketsa

Kwa munthu payekha masamu ake ndi achidule. Phatikizani mtengo wa chipangizo ndi chikuto, mugawe ndi ndalama zomwe mumapulumutsa pa buku limodzi. Yankho ndi chiwerengero cha mabuku omwe muyenera kuwerenga chipangizo chisanafe. Wowerenga mabuku akale omasuka amafikapo msanga. Wogula mabuku ongotuluka kumene amachedwa, poti mitengo ya mitundu iwiriyi nthawi zambiri siitalikirana. Wobwereka kapena wogula mabuku ogwiritsidwa kale ntchito mwina sadzafikapo n'komwe.

Kwa obwereketsa pali nambala ina yofunika kuposa imeneyo. Chipangizo chokhala ndi mabuku 1000 chimatumikira munthu mmodzi pa nthawi imodzi, pomwe mabuku 1000 a pa shelefu angakhale m'manja mwa anthu 1000. Choncho chiwerengero cha zipangizo chitsate cha owerenga, osati cha mabuku, ndipo apa ndi pomwe mapulani ambiri oti "tichotse mashelefu" amagwera.

Chipangizo chikabwerako pali zoti zichitike chisanapite kwa wina. Mawu omwe wobwereka analemba kapena kuika chizindikiro amatsalira: pa Kindle ali mu fayilo ya My Clippings.txt, pa Kobo ali mu KoboReader.sqlite m'chikwatu chobisika cha .kobo. Mpatseni mwini wake kope ngati akufuna, kenako zifufutidwe. Sitolo ya mabuku ya m'chipangizomo ikhomedwe ndi nambala yachinsinsi kuti wina asagule mwangozi, ndipo chingwe chiwerengedwe pamodzi ndi chipangizo, chifukwa ndi chomwe chimasowa kwambiri.

Zomwe zatsala

Mabuku ankhani zazitali omwe ali ndi EPUB yopanda loko akupitirira kuikidwa pa zipangizo za mainchi 6 ndi 7. Ophunzirira akhala pa pepala. Ofufuziramo tawagawanso pawiri: a mawu okhaokha, monga a malamulo, apita pa zipangizo chifukwa cha kufufuza, koma a zithunzi za makina akhala pa pepala poti amafunika kutambasula patebulo manja ali ndi mafuta. Mabuku a ana aang'ono akuyembekezera kuyesedwa, ngakhale zithunzi zake zotambalala masamba awiri zikuonetseratu komwe apite. Ntchito yomwe ili pamanja tsopano ndi kuika mndandanda wa masamba a pepala mu ma EPUB omwe magulu owerengera limodzi adzagwiritse ntchito, kuyambira ndi omwe mitundu yonse iwiri ilipo, kuti nambala zake tithe kuzifanizira tsamba ndi tsamba.